A Ambulera a pa Kachulu

Alamu anga a Gerishomo anakhala pa Kachulu zaka zambirimbiri osagwirapo ntchito yoti munthu n'kuiloza ndi chala, koma ndiwo pakhomo pawo sizinkasowa. Ine ndine Sophia, mng'ono wake wa Elenala amene anakwatiwa ndi bambo ameneyu. Nyumba yanga ndi yawo zinangolekana ndi kamunda ka therere, choncho zimene ndikunenazi si zomva pachitsime ayi. Ndinkaziona ndi maso angawa.

Anabwera kwathu kuno ngati mkamwini kuchokera cha ku Jali, atavala jekete lobwereka lomwe manja ake ankalekeza m'zigongono. Amalume atawafunsa kuti ntchito yawo ndi yotani, anayankha kuti, “Iliyonse.” Ife tinaombera m'manja, tinkati achemwali atola mwamuna.

Anayamba ndi usodzi, poti kuno mwamuna aliyense amayambira pamenepo. Nyanja yathu ya Chilwa ndi yosaya. Malo ambiri munthu wamkulu akagweramo madzi amamulekeza m'chifuwa, ndipo bwato amachita kulikankha ndi nsungwi. Koma alamu, bwato litangochoka padoko, anakumbatira mwendo wa Che Yusufu, mwini bwatolo, n'kuyamba kuitana abale awo onse amene anamwalira. Che Yusufu anawabweza asanatuluke n'komwe m'mabango, ndipo analumbira kuti munthu ameneyu asadzapondenso m'bwato lawo. Kenako anayesa kabaza, n'kugwetsera mayi wina m'ngalande pamodzi ndi thumba lake la mpunga. Anayesa kuwamba milamba, tulo tinawaba, nsomba za eni ake zinasanduka makala. Khasu lokha ndilo linkawamverako pang'ono, ndipo chifukwa chake chinali choti achemwali ankalima mzere wa kumbuyo kwawo.

Kuti mumvetse mmene munthu wotere anapezera ntchito, muyenera kuidziwa kaye mvula ya kwathu kuno. Mvula ya pa Chilwa ilibe khalidwe. Kumacha bwinobwino, dzuwa n'kumaswa mtengo. Chakumasana mtambo umayamba kuunjikana pamwamba pa chilumba cha Chisi, kuda bii, mabingu n'kumagunda ngati wina akugubuduza migolo. Kenako umanyamuka, ndipo komwe ulowere palibe amadziwa. Tsiku lina ukhuthulira zonse m'nyanja momwemo. Tsiku lina unyowetsa mbali imodzi ya msewu wa ku Zomba, mbali inayo nkhuku zikusamba fumbi. Ngakhale a pawailesi amachita kudzitchinjiriza, amati mvula ya mabingu mwina igwa m'madera ena a m'mbali mwa nyanja. Madera ake ati? Satchula.

Kwa ife oyanika matemba imeneyi ndiye nkhondo yathu. Nyanja ikatsegulidwa mu Malichi, nyengo yoletsa usodzi itatha, matemba amabwera ochuluka, mvula nayo imakhala isanatsanzike. Akangonyowa ali poyanika amawola, amanunkha, a minibasi amakana kuwakweza. Ukaanula msanga mvula n'kusagwa, wataya dzuwa la tsiku lonse. Ukachedwa, wataya nsomba. Ndiye timangokhalira kutembenuza khosi, kuyang'ana nsomba, kuyang'ana ku Chisi.

Tsiku lomwe zonse zinayambira, mtambo unabwera wakuda kwenikweni moti chilumba chonse chinabisika. Amayi tinali piringupiringu kuanula. Alamu anali khale pansi pa mtengo, akuseweretsa chiambulera chakale chopanda nsalu, mawaya okhaokha, chimene anatola kudzala la kumsika.

“Bambo a Tamara, tadzukani mudzandithandize!” anakuwa motero achemwali.

Kudzuka? Iwowo? Anangokweza mawaya aja, kuloza mtambo, n'kunena kuti, “Iwe, tapita uko! Kuno kuli anthu.”

Ananena mwachipongwe, pothawa ntchito basi. Koma mphepo nayo mwamisala yake inatembenuka nthawi yomweyo. Mtambo uja unakhotera kumpoto n'kukakhuthulira kwa Kuntumanji. Pa Kachulu sipanagwe ngakhale dontho.

Che Jamila, mayi amene amagula matemba ambiri kuposa tonsefe, anali atalephera kuanula ngakhale theka la nsomba zawo, atangokhala pansi manja ali kumutu. Anaona zonse. Dzuwa litapendeka anatulukira kwa achemwali atasenza beseni lodzaza matemba, n'kugwada chapatali.

“A Gerishomo, pepani, sitinkadziwa kuti muli nazo.”

Munthu wabwinobwino akanaseka n'kubweza beseni. Alamu anayang'ana matemba, anayang'ana kumwamba, anatsokomola pang'ono, n'kunena kuti, “Agogo anga ku Mozambiki ankachita zoposa pamenepa.”

Agogo ake ati? Achemwali anandinong'oneza kuti chikwatirane anali asanamvepo za agogo amenewo.

Kuyambira pamenepo dzina la Gerishomo linafa, anthu anayamba kuwaitana a Ambulera. Zida nazo zinachuluka. Panabwera nkhwangwa yoikhomera pansi, mano ake ataloza ku Chisi. Panabwera kabotolo ka mchere komwe ankawaza m'mwamba uku akung'ung'udza Chilomwe chimene ngakhale mayi athu, Mlomwe weniweni, sankachimva. Mayendedwe anasintha. Munthu amene kale ankadutsa m'mphepete kuopa kufunsidwa ntchito, anayamba kuyenda pakati pa doko manja ali kumbuyo, kumaima, kununkhiza mphepo, kugwedeza mutu. Amayi akangoona mutu ukugwedezeka ankathamanga ndi kambale ka nsomba.

Ndipo sanathere pa matemba. Oumba njerwa ankabwera. Anyamata a mpira ankabwera. Pamaliro adzukulu akamakumba manda, wina ankatumidwa kukawatenga. Mtambo ukapita kwina, monga umachitira nthawi zambiri popanda woupempha, alamu ankangotambasula manja n'kufunsa kuti, “Mwaona?” Ukagwetsa mvula, zifukwa zinali zosunga kale m'thumba. Pali wina wadumpha nkhwangwa. Kapena mnzawo womanga mvula wa tsidya la ku Mozambiki waikankhira kuno mwadala, ndipo akaonana naye. Tsiku lina tonse titanyowa chiphaphalapa, nsomba zikuyandama, anatiuza ndi nkhope yosaseka kuti imeneyi imabwera ndi matalala, iwo angoichepetsa. Anthu anawathokoza! Ine ndinachita kulavula.

Anthu a kwathu kuno ndi odabwitsa. Msodzi amene wakulira panyanja, amene amatha kukuuza kuti mwera ukubwera pongomva kuzizira kwa m'khutu, yemweyo ankapita kukafunsa za mtambo kwa munthu wa ku Jali woopa madzi a m'chifuwa. Masiku amene tinanyowa ankaiwalika pofika mawa lake. Tsiku limodzi lomwe mtambo unakhota linkakambidwa mpaka chaka chinacho, ndipo pokambapo mtambowo unkanka nukula.

Ine sindinkawabisira. Ndinkawauza pamaso kuti, “Alamu, matemba a eni akewa adzakutsamwani.”

“Nsanje, alamu,” ankatero akutafuna. “Mulungu sapatsa onse.”

Chimene anthu sankadziwa ndi ichi. A Ambulera, mwini mvula wa pa Kachulu, ankaopa mabingu kuposa mwana wakhanda. Panja ankadzilimbitsa mtambo ukadali kutali. Ukayandikira, chiphaliwali n'kung'anima, ankati akukamaliza ntchito m'nyumba, wina asawatsate. Anthu ankaganiza kuti akukalankhula ndi agogo aja. Ife tinkadziwa kuti alowa kunsi kwa bedi. Achemwali ankachita kuwafunditsa bulangete konko, iwo n'kukhala pamwamba pa bedi kumawaimbira nyimbo za kutchalitchi mpaka mabingu atasiya. Ndinkawafunsa achemwali kuti amapiriranji munthu wotere. Ankati, “Sophia, wabodza yemweyu sanandimenyepo, sanagonepo kunja, ndipo amandiseketsa. Wako woona uja ali kuti?” Wanga anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera.

Panali munthu mmodzi amene ankawadzudzula poyera, a Thomson, mkulu wa mpingo wathu, mlimi wa chimanga ndi mpunga. Akapatsidwa mpata wolalikira sankalephera kutchulapo za anthu ena amene amaloza kumwamba ndi mawaya. Tonse tinkatembenuka kuyang'ana alamu, iwo ali phee pabenchi lakumbuyo, akuimba nawo ameni.

Ndiye chaka chathachi mwana wa a Thomson, Angella, anafunika kukwatiwa mu Januwale. Ukwati wa mu Januwale, mvula ili pakati! Anthu amakwatitsa akakolola. Koma madiresi a Angella anali atayamba kuthina, ndipo mkulu wa mpingo sakanadikira mpaka chimanga chiume. Kutatsala tsiku limodzi ndinawaona ndi maso anga a Thomson akudzera kuseri kwa khola la achemwali, atavula tayi, tambala ali m'khwapa. Anatuluka opanda tambala.

Tsiku la ukwati mtambo unaunjikana pa Chisi monga mwa masiku onse. Amayi ophika anayamba kuyang'anizana. Alamu anakhoma nkhwangwa kuseri kwa tenti, kuwaza mchere, kuloza. Mtambo unagunda, unagunda, n'kukhuthulira m'nyanja. Ukwati unatha wouma. Zikanathera pomwepo bwenzi lero ndikukamba nkhani ina. Koma alamu anali atalawako za m'mabotolo za anyamata a kwa mwamuna, ndipo nthawi ya perekaniperekani analanda maikolofoni kwa wolengeza.

“Anthu inu, mvula imeneyi ndaimanga ine!” mawu awo anamveka mpaka kudoko. “Ndaimanga mfundo yolimba! Sigwanso pano mpaka nditanena ine, Gerishomo!”

Nthungululu zinalira. Amayi anawavinira, wina anawaveka chitenje m'khosi. A Thomson anangoyang'ana nsapato zawo.

Mvula sinagwenso.

Sabata yoyamba tinati zili bwino, tipalireko. Yachiwiri tinayamba kuyang'ana kumwamba. Januwale anatha, Febuluwale analowa, dzuwa lili lomwelo. Chimanga chinali chitafika m'chiuno, nthawi yomwe chimafuna madzi kwambiri, ndipo masamba ake anapotana ngati a anyezi. M'madimba a mpunga nthaka inang'ambika. Chopweteka kwambiri chinali choti mvulayo tinkaiona. Masana aliwonse mtambo unkabwera pa Chisi, mabingu n'kugunda, mvula n'kutsika panyanja ife tikuionerera. Kamphepo kankatibweretsera fungo lake lokha. Ikafika pafupi ndi gombe inkaima, n'kubwerera. Pawailesi ankanena kuti ng'ambayi yakhudza maboma ambiri a kum'mwera kuno, koma munthu amene chimanga chake chikufa safuna kumva za maboma ambiri. Amafuna dzina la munthu.

Ndipo dzinalo linalipo, mwini wake anali atalilengeza yekha pa maikolofoni.

Anabwera Lachitatu m'mawa, chigulu, amuna ndi akazi, ena atanyamula mapesi ofota, ena zibonga. Amfumu tsiku limenelo anali atapita ku Zomba kukachotsa dzino lomwe dzulo lake silinkawawa. Kutsogolo kunali a Thomson, tayi ili m'khosi.

“A Gerishomo,” anatero a Thomson, “ife sitinabwerere ndewu. Masulani mvula.”

Alamu anatuluka ali chimanjamanja, opanda ambulera, opanda nkhwangwa. Anagwada pabwalo. Ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere kuchokera ku Jali ananena zoona.

“Abale anga, ine sindidziwa kanthu. Mvula sindiimanga, sindiimasula. Agogo a ku Mozambiki kulibe. Mcherewu ndi wa m'khitchini mwa mayi a Tamara. Ndinkangofuna ndiwo.”

Kenako wina kumbuyo anati, “Mwamumva? Akukana kumasula!”

“Sindikukana! Ndikuti ndine wabodza! Zaka zonsezi ndakhala ndikukunamizani!”

Apa Che Jamila anadzipanikiza mpaka kutsogolo. Mayi ameneyu mtima wake ndi wabwino, ankafuna kuwathandiza. “A Gerishomo, musadzichepetse choncho. Ine ndinaona ndekha mtambo ukukhota. Anthu inu, bambowa si abodza ayi, ntchito yawo amaidziwa. Tiwapemphe mwaulemu.”

Woumba njerwa wina anavomera kuti njerwa zake sizinanyowepo. Wa mpira anati nawonso anawina kouma. Aliyense amene anadyetsapo alamu anaimirira kuchitira umboni, ndipo umboni uliwonse unkangowonjezera mkwiyo wa gululo. Palibe ndi mmodzi yemwe anakumbukira tsiku la matalala lija.

Ine magazi anawira. Ndinaima pakati n'kukuwa kuti, “Inu, misala yakugwirani? Munthu uyu mabingu akagunda amalowa kunsi kwa bedi! Amafunda bulangete, amalira! Ameneyu angamange mvula? Mbuzi yeniyeniyi akamanga imamasuka!”

Ndinkati aseka, nkhani n'kuthera pomwepo. A Thomson anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kunena kuti, “Amaopa chifukwa amadziwa chimene amasewera nacho.”

“Nanga inu a Thomson, tambala uja munkapititsa kwa yani?”

“Mayi, pano tikukamba za chimanga cha anthu,” anatero osaphethira n'komwe. Ndipo gulu lonse linavomera kuti inde, za chimanga.

Anapereka malire. Pofika Lamulungu mvula ikhale itagwa. Ikapanda kugwa, nyumba aiyatsa. Nyumbayo si ya alamu n'komwe, mkamwini alibe nyumba kuno. Ndi ya achemwali, pamalo a mayi athu, njerwa zake anaumba okha ndi manja awo, Tamara ali kumsana.

Gulu litabalalika tinakhala atatu pakhonde. Msampha wake unali woonekeratu. Mvula ikapanda kugwa, ndiye kuti akukanirira, nyumba ipsa. Ikagwa, ndiye kuti amasula ataopsezedwa, kutanthauza kuti anali ataimangadi, ndipo ng'amba iliyonse yobwera mtsogolo zibonga zidzalunjika pakhomo lomweli.

Mawa lake ndinawapeza alamu m'munda mwawo, akusisita tsamba la chimanga lopotana ngati akuti alitambasule. Chimanga chawo chinkafa mofanana ndi cha aliyense, koma zimenezo palibe anaziona.

“Alamu,” anandifunsa osandiyang'ana, “ndipemphere kuti igwe, kapena kuti isagwe?”

Ndinawamvera chisoni, ndipo zinandikwiyitsa kuti ndikuwamvera chisoni.

Nzeru anaipeza okha Lachisanu. Anati achoke, apite ku Chisi kwa msuweni wawo amene anakwatira kumeneko. “Ndikachoka sangayatse nyumba, poti mwini mlandu kulibe. Ndiye mvula ikakhala osagwa sabata imodzi, ziwiri, ine ndili kutsidya, adziwa kuti si ine. Akazindikira ndibwerako.”

Kunena zoona, pa zonse zimene mutu umenewu unaganizapo, iyi yokha ndiyo inali ndi miyendo. Inkangofuna chinthu chimodzi, kuti mvula isagwe iwo atangochoka. Inali itakhala osagwa mwezi wathunthu ndi kupitirira, ndiye masiku ochepa owonjezera sakanavuta. Achemwali analira, koma anawamangira ufa ndi nyemba m'kathumba.

Loweruka dzuwa litakwera tinawaperekeza kudoko. Che Yusufu atawaona anakumbukira lumbiro lawo lija, anayang'ana nkhope ya achemwali, n'kungoloza pokhala ndi chibwano. Alamu anakwera, anakhala pansi penipeni pa bwato, kathumba pamiyendo, chiambulera chawo chili m'khwapa. Sindikudziwa chifukwa chake anachitenga. Anthu anaima chapatali kumaonerera, palibe anatsanzika.

Zotsatirazi anatifotokozera Che Yusufu, ndipo iwo si munthu wokometsera nkhani. Atafika pakati pa madzi mtambo unanyamuka pa Chisi, wakuda kuposa masiku onse, ukulunjika ku Kachulu. Alamu atauona anazindikira tanthauzo lake. Munthu uja woopa madzi, woopa mabingu, anaimirira m'bwato. Anakweza mawaya aja ndi manja onse awiri.

“Pita uko! Iwe, pita uko! Chonde, lero lokha!”

Ankakuwa misozi ikutsika, bwato likupendekeka, chiphaliwali chikung'anima mbali zonse. Anatulutsa kabotolo n'kuwaza mchere wonse, mphepo n'kuwabwezera m'maso. Anaitana mpaka agogo a ku Mozambiki amene anawapeka okha. Che Yusufu akuti pa zaka zonse zimene anaona a Ambulera akugwira ntchito, tsiku limenelo lokha ndi limene anaigwira ndi mtima wonse.

Mtambo unawadutsa pamutu osawalabadira. Unafika pa Kachulu n'kukhuthula.

Mvula imeneyo sindidzaiiwala. Inagwa yamphamvu, yofunda, madzi kuthamanga m'mizere, achule kuyamba kulira dzuwa lisanalowe. Anthu anatuluka m'nyumba n'kumavina m'matope, ana ali maliseche, nkhalamba zitatambasula manja. Ndipo pakamwa pa aliyense panali mawu amodzi: “Wangochoka, yagwa! Mwaona? Wangochoka!” Mawa lake kutchalitchi a Thomson anatsogolera pemphero lothokoza kuti choipa chachotsedwa pakati pathu. Tambala sanamutchule. Ine ndinatuluka pemphero lili m'kati, achemwali sanapiteko n'komwe.

Inagwanso Lolemba, inagwa Lachinayi, inapitiriza mpaka chimanga chinadzuka. Si chonse, china chinali chitapita kale, koma anthu anakololako. Munda umene unachita bwino kwambiri m'dera lathu ndi wa achemwali, womwe alamu anapalira. Anthu anati zimenezonso ndi umboni.

Anyamata ena anatumiza mawu kudzera mwa Che Yusufu kuti a Gerishomo akadzangoponda padoko, adzabwerera ku Chisi chosambira. Nyumba sinapse, zimenezo zinatheka. Koma alamu sangagonemo. Achemwali amapita ku Chisi mwa apo ndi apo, koma munda uli kuno, manda a mayi ali kuno, ndipo kwa msuweniyo alamu amagona m'kakhitchini pamodzi ndi maukonde.

Malichi atafika nyanja inatsegulidwa, matemba anabwera, mvula yathu yopanda khalidwe inayambiranso masewera ake. Sabata imodzi Che Jamila anawoletsa nsomba kawiri. Ndinayamba kumva amayi omwe aja ananyamula mapesi akudandaula poanula kuti, “Akanakhalapo a Ambulera sizikanatere.” Ndinawayang'ana, manyazi alibe ngakhale pang'ono.

Tsiku lina ndinapita kudoko kukapereka bulangete lija kwa Che Yusufu, poti achemwali anati kumeneko kumazizira. M'bwatomo ndinapezamo beseni lodzaza matemba, lovundikira bwino ndi nsalu. Linali la Che Jamila. Uthenga wake unali woti a Gerishomo asasunge mangawa, ndipo poti mtambo umayambira konko ku Chisi, aziukhotetsa usananyamuke.

Bulangete linatsala kutsidya. Beseni linabwerera lodzaza, nsalu yake yosavundukula. Alamu anga, munthu amene sanabwezepo ngakhale mutu wa mlamba! Che Yusufu anati anangonena kuti, “Kawauzeni kuti kuno imandivumbwa ngati wina aliyense.” Pofika madzulo nkhani inali itazungulira doko lonse kuti a Ambulera akana nsomba, ndiye kuti akwiya, chaka chamawa tisamale.

Dzana tinali poyanika, ine ndi achemwali. Chakumasana mtambo unaunjikana pa Chisi, chilumba chinabisika, bingu linagunda lamphamvu mpaka pansi kunjenjemera. Amayi tonse piringupiringu. Nditadzaza dengu langa ndinacheuka, n'kuona achemwali angoima, madontho ayamba kale kugwera pa matemba awo, maso ali kunyanja.

“Achemwali, nsomba zikunyowa!”

Sanasunthe. Linagundanso lina, n'kuona akudzidzimuka ngati lagunda iwowo.

“Sophia,” anatero, “kodi kumene kuja ali ndi bedi loti alowe kunsi kwake?”